Mkulu Wanga Anamaliza Bakha Wake

Amene anandilakwira ndi mkulu wanga wa bere limodzi, Lusekelo Mwakanjala, amene ku Blantyre amadziwika kuti Luke Kanjala wa ku Dedza. Anawakana mayi athu tsiku limene tinamva kuti amwalira. Anawakana pakamwa pali mafuta a bakha, atatero n'kupitiriza kudya. Wina akaona kuti ndikumutchula mopanda ulemu, apite akamulemekeze yekha.

Ine ndine Gwamaka. Sukulu ndinaisiyira Sitandade 6 nditaswa mlomo wa mphunzitsi wina amene anandikwapula chifukwa choyankhula Chinkhonde m'kalasi. Kuchokera pamenepo ndinkangoweta ng'ombe kwathu ku Kaporo, ndipo pa Loweruka lililonse pankapezeka wina wobwera kudzadandaula kuti ndamumenyera mwana. Bambo anali atamwalira kale. Mayi, a Tusekile, ankaopa kuti tsiku lina ndidzafera kupolisi. Choncho Lusekelo atabwera pa Khirisimasi anamugwira dzanja.

"Mutenge mng'ono wakoyu ukamuphunzitse udalaivala," anatero. "Kuno aphedwa."

Sanandikakamize. Ndinafuna ndekha. Ndinkadziona nditagwira chiwongolero cha lole, ndikuimba hutala pa Karonga boma atsikana akuthawira m'mbali. Mayi anandimangira mpunga m'kathumba, n'kundiuza kuti ndizimvera.

Malamulo anayamba basi itangodutsa pa Jenda. Lusekelo anandiyandikira n'kunong'ona kuti Chinkhonde chitsale pomwepo. Anati tikafika iye si mkulu wanga, ndi bwana, ndipo ine ndine mnyamata wantchito amene anamutola kumpoto ali paulendo wa kampani.

"Ndi za kanthawi," anatero. "Sukudziwa mmene zinthu zilili."

Kunena zoona, zinthu sizinali bwino. Inali nthawi ija aphunzitsi akumpoto ankawakweza malole kuwabweza kwawo, ndipo wakumpoto aliyense wogwira ntchito yabwino ankayenda khosi lili cheucheu. Akuluakulu a kampani ya Lusekelo anali anthu achipani. Ndiye iye anadula dzina lathu mutu, n'kubwereka mudzi wa mkazi wake ku Dedza. Zimenezo ndinazimvetsa. Mpaka lero ndimazimvetsa. Munthu akaopa amabisala. Koma pali pena pamene ngakhale galu amatuluka pansi pa tebulo.

Udalaivala wanga unathera pa kutsuka galimoto. Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri, ndinkachapa matewera, ndinkasesa, ndinkalera kamwana kawo, Chisomo. Kunja ndinali wantchito, koma ikafika nkhani ya malipiro ndinkasanduka m'bale, poti m'bale salipidwa. Kumudzi Lusekelo ankatumiza uthenga woti Gwamaka akuphunzira bwino, posachedwa atenga laisensi. Ine ndikanatumiza wanga bwanji, wopanda ndi ya sitampa yomwe? Masiku ena ndinkatsekera chitseko n'kumaziyankhula ndekha Chinkhonde, kufunsa ndekha, kuyankha ndekha, kuti lilime lisaume.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa dzina langa lonse. Ndinakumana naye pamsika akutukwana wogulitsa kabichi m'Chitumbuka. Anali a Msiska, mdala wa ku Sangilo, woperekera zakudya ku lesitilanti ya Mtchaina wina m'tauni. Ndinawauza zonse. Anangopukusa mutu n'kundigulira chinangwa chootcha.

Tsikulo linali Lamlungu masana. Kuofesi kunali mpando wa udindo waukulu wopanda munthu, ndipo Lusekelo, poufuna, anaitanira bwana wake, a Kamwendo, ndi akazi awo ku chakudya kwa Mtchaina uja. Ine ananditenga kuti ndikanyamule mwana, alamu adye momasuka.

Ndinali ndisanalowepo malo otero. Nyali zofiira zapepala zili lendelende kudenga, tebulo lozungulira lokhala ndi galasi pakati loti ukalikankha mbale zimabwera zokha kwa iwe. Anandikhazika pampando wa pafupi ndi khoma, mwana pachifuwa, mbale patsogolo panga palibe. Anayamba ndi timitanda ta ufa watirigu, tokhala ngati masamusa osakazinga, nyama ili m'kati, tophika ndi nthunzi m'timadengu tansungwi. Lusekelo ankatitola ndi timitengo tiwiri ngati anabadwira komweko, n'kumawaphunzitsa a Kamwendo kagwiridwe kake. Mayi Kamwendo anagwetsa kamodzi pa nsalu, onse kuseka.

Kenaka anabwera bakha. Kwathu bakha ndi chinthu cha m'matope, timachigenda chikalowa m'munda wa mpunga. Uyu anabwera wathunthu pathireyi, khungu lofiirira, lonyezimira ngati nsapato ya msilikali. Mtchaina mwini wake anamudula patebulo pomwepo, timagawo topyapyala, khungu likulira pansi pa mpeni. Chisomo anali atagona, malovu ake akunyowetsa shati langa.

A Msiska ndi amene ankatiperekera. Atapita kukhitchini kukatenga mpunga anachedwako, ndipo pobwera anabwera chimanjamanja. Kukhitchiniko kunali wailesi, ndipo inali nthawi ya mauthenga a maliro. Ine sanandiyang'ane. Kwathu uthenga wa imfa sauuza mwana wamng'ono wamkulu alipo. Anapita kwa Lusekelo, anawerama, manja kumbuyo, n'kunena chapansipansi m'Chitumbuka:

"Dada, phepani chomene. Ŵamama ŵatileka."

Ndinamva. Lusekelo naye anamva, chifukwa kamtengo kamodzi kanamupulumuka n'kugwera m'mbale. Koma mayi Kamwendo nawo anali ndi makutu.

"Akuti chiyani mdalayu? A Kanjala, kani mumamva Chitumbuka?"

Lusekelo anatola kamtengo kake. Anakapukuta ndi kansalu.

"Ndi liwu limodzi lomwe ayi," anatero. "Madala, yankhulani Chichewa. Kuno si kwanu."

A Msiska anaweramuka.

"Ndati wailesi yalengeza maliro, bwana. Mayi Tusekile Mwakanjala a ku Kaporo, ku Karonga. Amwalira dzulo. Akuti ana awo ali kuno ku Blantyre anyamuke."

"Ndiye ine zikundikhudza pati?" Anayang'ana a Kamwendo ngati akudabwa nawo limodzi, kenaka anatembenukira kwa ine. "Kapena mnyamata wathuyu. Iwe, si kwanu kumeneko? Ukuwadziwa mayi amenewa?"

Ndinamuyang'ana m'maso. Maso omwe aja a mayi, aang'ono, ofiira m'mbali.

"Ndi mayi anga," ndinatero.

"Ayi pepa. Pepa kwambiri, mnyamata. Tikatha kudya tiona za basi."

Anthu amandifunsa kuti iwe Gwamaka, woswa mlomo wa mphunzitsi, unalekeranji kugubuduza tebulo lija? Sindidziwa. Mwana anali m'manja. Ndinangokhala, ndikuona galasi lija likuzungulira.

"A Kanjala muli ndi mtima wabwino," anatero a Kamwendo. "Ena akanamuuza kuti adikire mwezi uthe."

"Koma akumpotowa ndimamva kuti pamaliro amavina," anatero akazi awo. "N'zoona, a Kanjala?"

"Inenso ndimangomva choncho, mayi," anayankha Lusekelo, n'kuseka.

Alamu anga sanadyenso, anangozolika. Koma Lusekelo anadya. Anakulunga khungu la bakha m'kachapati kopyapyala, anathira msuzi wakuda, anatafuna bwinobwino. A Kamwendo atati timitanda tija tawakomera, anaitanitsa dengu lina, ndipo anali a Msiska omwewo amene analibweretsa, misozi ili m'masaya. Pomaliza mayi Kamwendo analamula kuti mafupa a bakha, ndi kanyama kotsalirako, andikulungire m'pepala. Anati ulendo wa ku Karonga ndi wautali, mnyamatayu asafe ndi njala.

Titafika kunyumba, geti lisanatsekedwe n'komwe, ndinapereka mwana kwa alamu n'kumulumphira. Ndinamugwira kolala, koma alamu analowa pakati ndi mwanayo akukuwa, chibakera changa n'kukathera pa chitseko cha galimoto.

"Umafuna nditani?" anakalipa Lusekelo, koyamba m'Chinkhonde chifikireni ine m'nyumba imeneyo. "Andichotse ntchito? Tonse tikadye nthochi ku Kaporo?"

Tchuthi cha maliro sakanapempha, poti anali atanena yekha pamaso pa bwana wake kuti malirowo si ake. Anandiponyera ya basi, n'kundiuza kuti ndikanene kuti ali ku Zambia pa ntchito.

Ulendo unali wa nthawi ya mvula. Basi inagona pa Mzuzu, kenaka inakaima pa Chiweta chifukwa msewu unali utadzadza matope ndi miyala yogumuka kuphiri. Ndinalibe kanthu m'thumba. Phukusi lija ndinkafuna kuliponya pa windo chichokereni ku Blantyre, koma pa Chiwetapo ndinalimasula. Ndinakhala kuseri kwa basi n'kukukuta mafupa aja, limodzi ndi limodzi, mpaka kuyamwa mafuta a m'kati. Anali okoma. Chimenechonso sindinamukhululukire.

Ndinafika atawaika kale. Ndinapeza mulu wa dothi lonyowa kuseri kwa nthochi zathu, mapazi a anthu ovina ali ponseponse pabwalo.

Za ku Zambia sindinanene. Ndinakhala pansi ndi bambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu bambo, n'kuwafotokozera zonse, kuyambira pa Jenda mpaka pa mafupa. Ndinkayembekeza kuti adzuka ndi mkondo. Iwo anangofwenthera fodya wawo.

"Ndiye mpandowo anamupatsa?" anafunsa.

Ndinati sindikudziwa.

"Tiyeni tipemphere amupatse. Wachita zamzeru mkulu wako. Wakufa wafa. Malata ali pamwamba pakowa unagula ndiwe? Fizi ya mlongo wako Tumpale ukulipira ndiwe? Nkhani imeneyi ithere pano. Ukaitulutsa, ndikuthamangitsa pamudzi pano."

Ndinapita kwa mlongo wanga Tumpale, amene anawadwazika mayi mpaka mapeto. Iye anandiuza kuti za dzina la Kanjala mudzi wonse unkadziwa kalekale, ndi mayi omwe. Zoti ine ndinkachapa matewera ankadziwanso, alamu anali atawauza. Ndinali ine ndekha amene ndinkaganiza kuti ndasenza chinsinsi.

"Nanga podwalapo ananditchulako?" ndinamufunsa.

Tumpale anayang'ana pansi. "Ankaitana Lusekelo. Usiku ndi usana, Lusekelo."

"Ine ayi?"

"Kamodzi. Anati uzimumvera."

Lero ndikukhala pa Chilumba, ndimasenza matumba padoko sitima ikabwera. Ku Kaporo sindipondako, ndipo palibe amene anabwerapo kudzandifuna. Ndinkaganiza kuti ku Blantyre ndiko ndinali wantchito, kwathu ndine mwana. Ndinapeza kuti kwathu mwana ndi amene amatumiza malata.

Lusekelo anabwera kumudzi patapita masabata angapo mayi ataikidwa, atapeza bodza lina lopemphera tchuthi. Mpando anali atamupatsa. Anatsika galimoto ya kampani patali, pamsewu, anavula nsapato, n'kuyamba kulira. Analira Chinkhonde chenicheni, chakale, chimene ngakhale ine sindichitha. "Yuba! Yuba!" kuitana mayi. Anadzigwetsa pamanda, anadzipaka dothi kumaso ndi pa shati loyera. Amayi a m'mudzi anayambiranso maliro, ena akuti onani mwana wokonda make, wachokera ku Zambia osapuma. Bodza la ku Zambialo anali atalifalitsa ndi bambo aang'ono. Anagula ng'ombe yaikulu, ng'oma zinalira, anthu anavina. Iyenso anavina, mkondo wa bambo uli m'manja.

Masana anaphika mbalagha, nthochi zophikira pamodzi ndi nyama ya ng'ombe ija. Amuna anakhala pansi pa mtengo wa mango: bambo aang'ono, akulu a mpingo, aphunzitsi a pasukulu, wapampando wa chipani wa m'dera lathu, ndi dalaivala wa kampani amene anabwera ndi Lusekelo, mnyamata wa ku Lilongwe. Dalaivalayo Lusekelo anali atamuuza kuti ndi maliro a mayi a wantchito wake, wabwera kudzapepesa, ndipo kuliraku n'kongolemekeza mwambo wa eni mudzi. Anamukhazika patali pang'ono, mbale yake payekha, poti Chinkhonde sankamva.

Bambo aang'ono anandikodola.

"Gwamaka, musambitse m'manja mkulu wako, umupatse chakudya. Ugwade."

Ndinatenga beseni ndi jagi. Ndinagwada. Ndinamuthirira madzi, dothi la pamanda likutsika m'zala zake. Ndinabweretsa mbale, ndinamusankhira nyama yonona, ndinaiika pamiyendo pake. Anandiyang'ana ndi maso otupa n'kunena motsitsa, "Ndagha, mng'ono wanga," kundithokoza.

Pabwalo ponse pankamveka Chinkhonde chokhachokha. Ine ndinaimirira, ndinapukuta manja pa kabudula, n'kuyankhula Chichewa, mokweza, kuti ndi dalaivala yemwe amve.

"Idyani, bwana Kanjala. Idyani mumalize, ngati muja munamalizira bakha. Manda mwagubudukapowo ndi a mayi anga ine. Inu munanena nokha kuti sakukukhudzani."