Kamluzu ka m'khutu kamene ndinkayesa nyimbo

Chinayamba ndi kamluzu m'khutu lamanzere, nyengo ya mvula, nkhondo itayandikira kwathu ku Milange. Ntchito yanga inali kupeka nyimbo: zovina za gulu lathu, za masewero a pa wailesi, ndipo nthawi imeneyo ojambula kanema wa anthu othawa nkhondo anali atandipempha nyimbo. Nyimbo zanga zimabwera choncho, kamawu kamodzi kongolira m'mutu. Ndiye ndinakondwera, n'kumakafunafuna pagitala. Mkazi wanga Rozina ankati khutu likalira ndiye kuti wina akukunena. Tonse tinaphonya.

Patapita milungu, khutulo linayamba kutuluka mafinya, thupi likutentha. Kuchipatala kunalibe mankhwala, choncho tinkangodonthezamo mafuta ofunda. Kenako lamanja linayambanso kuwawa. Ndikakhudza nsambo, chala chinkamva kunjenjemera kwake, koma mawu ankamveka ngati ali pansi pa madzi. Ndinachita mantha kwambiri. Wopeka nyimbo wogontha angagwirenso ntchito yanji?

M'mawa wina ndili pakhonde ndi gitala, ndinangoona Rozina akundikoka mkono, mwana ali kumbuyo. Anansi onse anali atathawa. Mfuti zinkalira kumsika, ine osamva kanthu.

Tinadutsa malire pa Muloza, ndipo ndinagonekedwa m'chipatala cha ku Malawi, pamkeka, poti mabedi anali atadzaza. Jakisoni m'mawa ndi madzulo, masana kutsuka makutu, kwinako kudikira. Dokotala atandiyeza, Rozina anachita kundikuwira m'khutu lamanja mwenimweni mawu a dokotalayo: "Akuti lamanzerelo lafa! Mukanachedwanso, matendawa akanalowa mu ubongo!"

Za lamanja dokotala sanalonjeze kanthu. Tsiku lililonse namwino ankaima kumbuyo kwanga n'kumenya kapu ndi supuni, Rozina akundiyang'ana nkhope. Ine ndinkangopukusa mutu. Sabata yachitatu ndinamva kanthu, kutali, kosalira bwino.

"Mayi, kapu yanuyo ndi yong'aluka," ndinatero.

Namwino anaitembenuza, n'kupezadi mng'alu. Rozina anakhala pansi n'kuyamba kulira, ndipo kulirako ndinakumva.

Kanema uja anatuluka ndi nyimbo za munthu wina. Lero ndili bwino, ndikupekabe ndi khutu limodzi, ndipo Rozina amayenda kudzanja langa lamanja. Khutu likayamba kulira, musataye nthawi kufunsa amene akukunenani. Pitani kuchipatala lisanatuluke mafinya. Kamluzu kaja kakadalipo m'khutu lakufalo. Ndi kokhako kamene limamva.