Pamene Greenwell Amavulira Chipewa

Greenwell Chimutu sanali munthu wothamanga. Kwawo ku Dowa munthu wamkulu akathamanga ndiye kuti kumbuyo kuli galu kapena nyumba ikupsa, ndipo nzeru imeneyi anafika nayo mpaka ku Dublin. Ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Rathmines, kuwasambitsa, kuwadyetsa phala ndi kuwatembenuza pabedi. Okalambawo ankamukonda chifukwa sankapupuluma. Kunja mzinda wonse unali paliwiro, nyumba zatsopano zikumera ngati bowa, koma Greenwell ankangoyenda mwachifatse, manja kumbuyo.

Amene anamuthamangitsa ndi dokotala. M'chaka cha 2006 anamupeza ndi BP yokwera moopsa, n'kumufunsa ngati pali chimene chikumudya mumtima. Greenwell anati palibe. Linali bodza, ndipo mkazi wake Thelma, amene anakhala pambali pake, ankadziwa. Mayi ake a Greenwell anamwalira iye akudikira mapepala okhalira m'dzikomo, ndipo akanatuluka sakanaloledwa kubwerera. Maliro anawamvera pafoni, khadi loimbira foni n'kuthera pakati pa nyimbo. Sanalire tsikulo, sanalirenso pambuyo pake. Manda anali asanawaone, ndipo mayiwo m'nyumbamo sankawatchula. Thelma ankaopa kuti chisoni chokwiriracho chimuphera mwamuna ali chiimire.

Choncho Thelma anamugulira nsapato zothamangira, zoyera mbee, zimene Greenwell anaziyang'ana ngati zamutukwana. Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankakwera basi kupita kunkhalango ya m'mapiri a kumwera kwa mzinda, kumene kuli kanjira kozungulira kobwerera pomwe wayambira. Poyamba ankachita manyazi. Ankapereka moni kwa aliyense, ngakhale amene akupuma mwabefu, ndipo akafuna kupitirira munthu wachikulire ankayamba wanena zikomo. Pang'ono ndi pang'ono anazolowera matope, fungo la paini ndi mvula yowaza ija yosadziwa kuleka, mpaka anayamba kukukonda.

Koma Thelma si mwana. Anaona kuti munthuyu akuchedwa kubwerera, ndipo akafika malaya ali gwa, opanda thukuta.

"Bambo a Yamiko, jogging yanuyi mumapangira mu pub?" anafunsa tsiku lina.

"Ndimathamanga, mayi," anayankha Greenwell, maso ali pa nsapato.

Lamlungu lotsatira Thelma anasiya mwana wawo Yamiko kwa anzake, n'kukwera naye basi. Anathamanga limodzi chokwera, Greenwell patsogolo, ndipo kunena zoona ankathamangadi. Kenaka njira inatsikira kukachigwa, paini n'kutha, n'kuyamba mitengo ikuluikulu yakale, yothithikana, yoyangidwa ndi zilambe, pansi pali mdima ndi bata. Pamenepo Greenwell anasiya kuthamanga. Anavula chipewa, n'kuyamba kuyenda monyang'ama, ndipo pafupi ndi mtengo wina waukulu anaima.

Thelma anamvetsa. Iyenso anakulira ku Dowa, kumene mitengo yonse inathera nkhuni ndi zigafa za fodya. Ukaona mitengo yotere yatsala pamodzi, nkhwangwa osaikhudza, umadziwa kuti ndi manda. Palibe amathamanga pamenepo, palibe amadutsa chipewa chili kumutu.

"Ndikudziwa kuti palibe anagona pano," anatero Greenwell motsitsa mawu. "Ndi forest chabe. Koma miyendo imakana."

"Ndiye mumangoima? Every Sunday?"

"Ndimangoima. Sindidziwa chonena."

Thelma anamva chisoni, komanso kaukali pang'ono, kuti mwamuna wake wakhala akubwera kuno miyezi yonseyi osamuuza. Kumudzi, munthu amene maliro anamuphonya sangolowa yekha kumsitu. Amatengedwa ndi wina, amene amamulozera mtumbira ndi kumulankhulira.

Anamasula chitenje chimene anakulunga m'khosi chifukwa cha mphepo, n'kuchimanga m'chiuno pamwamba pa buluku lothamangira. Anathyola kanthambi, n'kusesa masamba onyowa patsinde pa mtengowo mpaka dothi lakuda linaonekera. Mzungu wina amene ankabwera chothamanga ndi galu wake anawaona, anakokera galuyo pafupi, n'kudutsa akuyenda.

"Bwerani," anatero Thelma. "Kumanda sapita munthu yekha."

Anagwada, n'kuwomba m'manja mofatsa.

"Amayi, ndi ine mpongozi wanu. Mwana wanu uja ndabwera naye. Anachedwa, koma sikunali kufuna kwake."

Greenwell ananjuta pambali pake, chipewa atachifinya m'manja. Kenaka anatsegula pakamwa.

"Amayi," anatero, ndipo mawu ena onse anamira m'misozi.

Thelma anamusiya alire mpaka atakwana. Atadzuka maondo onse anali matope, nsapato zoyera zija zosazindikirikanso. Anatuluka m'mitengomo akuyenda, ndipo atafika poyera Greenwell anavala chipewa.

"Amayi akanandiona ndikuthamanga chonchi," anatero akupukuta mphuno, "akanafunsa kuti ndaba chiyani."

Thelma anaseka mpaka kugwira bondo. Ili linali tsiku loyamba m'zaka zitatu kumva mwamuna wake akuwatchula.