Zelipa Waika Anansi a Rauta M'magulu

Loweruka lapitali ndinatseka sitandi yanga ya salaula, zovala za kaunjika zija, ku Kanyama n'kukwera minibasi ya m'tauni. Ndinkapita kukanenerera. Osati nsapato ayi, koma mwana wanga.

Zelipa, mwana wanga wachisamba, analowa ntchito pakampani ina yaing'ono ya intaneti, imodzi mwa makampani aja abuka chimasulireni malonda. Anamutenga moyesa. Tsikuli ndilo abwana ake anati aone ngati atsale kapena abwerere kukapinda mathalauza ndi ine. Ndiye munthu amene ndinatsitsapo mtengo wa bokosi la maliro, mukuganiza ndikanangokhala kunyumba?

Zelipa anandichingamira pakhomo. "Atate, mukayamba kukamba na ba bosi, ine nibwelela kunyumba. Nkalani apa, osagwira vinthu."

Ndinakhala. Chipindacho chinali chozizira ngati firiji ya m'butchala. Pakhoma panali kabokosi ka magetsi ophethira. Akuti dzina lake ndi rauta, ndipo ntchito yake n'kulozera mauthenga njira. Kamalankhula ndi tinzake ta m'makampani ena, kuuzana kuti katundu wa kwakuti adzere kwa ine. Tinzaketo amatitcha anansi.

Mnansi aliyense ali ndi malamulo ake: zomuuza, ndi zomukana akabwera nazo. Amene ankagwira ntchitoyi kale analemba malamulowo mnansi ndi mnansi, payekhapayekha. Lamulo likasintha, umayenda khomo ndi khomo. Mwezi watha anadumpha khomo limodzi, intaneti ya makasitomala n'kuzima m'mawa wonse.

Zelipa anati awaike m'magulu. Ogula kwa ife uku, otigulitsa uko, osinthana nawo mofanana apo. Malamulo ulembe kamodzi pansi pa dzina la gulu, ndipo mnansi ungomuuza gulu lake. Ukasintha pamodzi, wasintha kwa onse.

Ine zinandiwawa. Moyo wanga wonse ndadyera kudziwa kuti anthu safanana. Wa nsapato zopukuta ali ndi mtengo wake, wa patapata ali ndi wake. Ndinamunong'oneza kuti, "Iwe, munthu umamuyang'ana kumaso."

"Nkhope ni ya pa sitandi, Atate. Makina alibe maso."

Abwana analowa, bambo wa mimba yabwino, makiyi a galimoto ali m'manja. Anayang'ana pakompyuta, naloza dzina limodzi. "Uyu musiye panja pa gulu. Ni muntu wathu, tinamvana kudala, kalekale."

Mtima wanga unavina. Chilankhulo chija ndi changa! Ndinayembekeza kuti mwana avomera, monga ndinamuphunzitsa kuti wogula sukangana naye.

Koma iye anati, "Ba bosi, alowe monga anzake. Ngati ali na chapadera, tilembe mzere umodzi pansi pa dzina lake. Aliyense wobwera kumbuyo kwanga azauona."

Abwana anasiya kuliza makiyi. Ine ndinayamba kale kuganiza mbali ya sitandi yomwe ndimupatse, ya madiresi kapena ya makatani. Kenaka abwana anati, "Chita tione."

Zelipa anadinda batani. Mayina a anansi anazima, ndipo tinayamba kudikira kuti abwerere.

Podikirapo ndinakumbuka mpopi wa m'komboni mwathu. Wosunga kiyi alibe lamulo limodzi, ali ndi lamulo la nyumba iliyonse. Awa amatunga asanatsegule, awo amaika zigubu pamzere iwo ali m'tulo, enafe timapsa ndi dzuwa. Zonsezo zili m'mutu mwake. Tsiku lomwe anapita kumaliro ku Chipata, amene anagwirizira kiyi sanadziwe za aliyense, ndipo amayi anakokana nsalu mpaka madzi anatsekedwa. Kodi si mmene tikuyendetsera zinthu zambiri masiku ano? Pamzere wa mapepala a puloti, pamzere wa ntchito, aliyense ali ndi "tinamvana" wake. Timati ndi ufulu wa msika. Ine wa pamsika weniweni ndikuuzeni: kunenerera kumakoma pa jekete, chifukwa ukakana pali sitandi ina. Pa madzi palibe sitandi ina.

Dzina loyamba linayaka. Lachiwiri. Enawo anatsatana ngati ana otuluka m'kalasi. La mnzawo wa abwana linachedwa, ine thukuta lili kamukamu m'chipinda chozizira chija, kenaka nalo linayaka. Abwana anayang'ana foni ya madandaulo patebulo. Inangoti zii.

"Pa Mande ubwere na kapu yako ya tiyi," anatero abwana. Atatembenuka anandiona. "Nanga aba ni bandani?"

"Ni atate," anatero Zelipa. "Anabwera chabe kuona."

Mawu onse ndinakonza m'minibasi aja ndinabwerera nawo osamasula. Aka n'koyamba kuchoka pamalonda ndisanatsegule pakamwa, koma nditapindula. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo wangayu dziwe lake ndi lozama kuposa langa.

Musadandaule, pasitandi panga nsapato zanu ndiziyang'anabe. Koma inu osunga kiyi wa mpopi, inu okhala ndi chidindo m'dirowa, zapadera zomwe mumachitira anthu anu zija, mungalole kuzilemba poti tonse tiziwerenge?