Ukwati Umene A Lameki Ankauchedwetsa

Anthu a kuno ku Kachulu amawadziwa a Lameki ngati munthu wa bwato, uja wamtali wosayankhulayankhula amene amaolotsa anthu ndi nkhuni pakati pa doko ndi chilumba cha Chisi. Ine Mwajuma, wogulitsa matemba, ndimawadziwa mwina. Mpanda wathu ndi umodzi, ndipo mkazi wawo Violet anali mnzanga wapamtima chiyambire tili atsikana, iye wa kutchalitchi ine wa kumzikiti, koma madzi tinkatunga pa mjigo umodzi. Ndiye anthu akamati a Lameki mutu unawazungulira chaka chija, ine mtima umandiwira. Sanapenge ayi. Ndinalipo.

Anabwera kuno ngati mkamwini kuchokera ku Phalombe, alibe kanthu koma kachikwama ndi mapewa ogwira ntchito. Sukulu analekezera Sitandade 8, ndipo Chizungu chawo chinali cha pa zikwangwani ndi pa mapaketi a sopo. Wamabuku anali Violet. Anafika Fomu 3, fizi nkuvuta, koma kuwerenga sikunamuchoke. Akapita ku Zomba kukagulitsa mpunga ankabwerako ndi kabuku ka pa kaunjika, aja amayalidwa pansi pafupi ndi nsapato, pachikuto pali mnyamata ndi mtsikana akuyang'anana ngati ayiwala kuti kunja kuno kuli anthu.

Panali limodzi lofiira limene ankalikonda kuposa onse, lakutha mpaka a Lameki analisoka ndi ulusi wa ukonde. Tsiku lina tikupeta mpunga anandifotokozera.

"Nkhani iyitu si yatsopano, amnzanga. Tinaiphunzira kusukulu m'buku lakalekale. Mtsikana wantchito akondana ndi mwana wa bwana, makolo akana, mtsikana adwala, afa. Ndinalira mpaka aphunzitsi kundiseka. Ndiye wabwera mayi wina wa masiku ano, watenga nkhani yomweyo nkuiphika mwina. Mtsikana uja tsopano akugwira ntchito mu hotela, ali ndi foni yake, bwana akamukalipira amayankha. Ndipo safa. Amakwatirana."

Ndinamufunsa kuti nanga amabwerezeranji buku loti mathero ake akuwadziwa kale.

"Ndiye kukoma kwakeko," anatero. "Mvula sindidziwa ngati igwa, nyanja sindidziwa ngati iphwa. Muno mokha ndimalowa ndikudziwa kuti zitha bwino."

Matenda anamuyamba ndi kutaya magazi. Anabisa, monga timachitira amayife, mpaka anagwa kumunda. Kuchipatala anati ndi khansa ya khomo la chiberekero ndipo yapita patali. Anamubweza ndi botolo la mankhwala amadzi opha ululu basi. Ife a kumudzi tikaona munthu wabwezedwa choncho timadziwa tanthauzo lake, palibe amafunsa.

Chakudya anayamba kukana. Phala ankalitembenukira kukhoma. Buku lija manja sakanatha kuligwira, maso nawo ankachita mdima. Masana ena ndinamva mawu achilendo kuseri kwa mpanda, ngati mwana wa Sitandade 3 akulimbana ndi bolodi. Kusuzumira, ndi a Lameki. Agoneka mkazi wawo pa mphasa pakhonde, iwo akhala pa mtondo wogwetsa, chala pa mzere, akuwerenga Chizungu liwu ndi liwu kenako nkuchitembenuza m'Chinyanja chathu, thukuta lili kamukamu ngati akukankha bwato m'matope. Akamaliza tsamba ankatseka buku nkutenga supuni.

"Mudye kaye, mayi a Emily. Mukapanda kudya, ine sindipitiriza."

Ndipo ankadya. Supuni zochepa, koma ankameza.

Posakhalitsa khonde lija linayamba kudzaza. Amayi akachoka ku sikimu kowinga mbalame mu mpunga ankadzera pamenepo, ena ndi malichero awo. Panali Mwanabibi, mayi wa pakamwa posatseka, amene ankatukwana mayi ake a mnyamata wa m'bukumo ngati apongozi ake enieni. Violet ankamwetulira. Ndinayamba kuganiza kuti mwina achipatala aja analakwitsa.

Kenako tsiku lina, masamba atatsala ochepa, Violet ananena mawu aja. Ndinali pomwepo ndikumusisita miyendo. Anati, "Ndingomva ukwati wawo, basi, ndipume."

Anangonena mwa kutopa, mwina osaganiza n'komwe. Koma ndinawaona a Lameki. Anayang'ana kagawo ka masamba kotsala kudzanja lamanja, kopyapyala ngati tsamba la nthochi, nkhope yawo nkuchita phulusa.

Mawa lake mnyamata wa m'buku ananyamuka kukafunsira, basi nkumufera panjira. Mkuja wake anafika, koma atsibweni a mtsikana anakana kumuona. Tsiku linalo ankhoswe anasemphana. Ine ndinkakhala pambali pawo, ndiye ndinaona zimene ena sanaone: chala chija chinkayenda pa mzere, koma tsamba silinkatembenuzidwa. Tsamba lomwelo dzulo, lomwelo lero, mpaka pakona pake panada ndi thukuta.

"Kodi azungu nawonso ali ndi atsibweni?" anafunsa Mwanabibi.

"Alipo," anatero a Lameki osadzutsa mutu. "Ovuta kuposa athu."

Mnyamata uja, mwana wa mwini hotela, anapezeka wasauka mwadzidzidzi. Anapita kukakhala pa zimbowera, tinyumba tija asodzi amamanga pa mabango oyandama pakati pa nyanja, kuti apeze poyambira banja. Mwera unamugubuduzira bwato. Atapulumuka, nyanja inaphwa. Nyanja itabwerera, anatsegula m'mimba. Amayi ena anatopa nkusiya kubwera. Ena ankaseka kuseri kuti buku la a Lameki lili ngati mseu wa ku doko, silitha kukonzedwa.

A Lameki kunyanja anasiyiratu kupita. Bwato anabwereketsa kwa munthu wina amene ankawapatsa zimene wafuna. Ana awo awiri, Emily ndi Clement, ankadya kwathu. M'mawa wina ndikuyanika matemba pa thandala anabwera, maso ali psuu, nkuima ngati munthu wodzapempha mchere.

"Che Mwajuma, ndithandizeni. N'chiyani china chimene chingalepheretse ukwati? Zanga zatha."

Ndinafuna kuwauza kuti asiye. M'malo mwake ndinawapatsa zanga: mkazi wina abwere ndi mimba yonamizira, apongozi apite kwa sing'anga, mtsikana amve bodza pa foni. Zonsezo zinandichitikirapo ine, sindinachite kufunafuna. Anazilandira ndi manja awiri. Zitatha anayamba kuyenda padoko kufunsa asodzi ndi a kabaza kuti maukwati awo anathera pati. Munthu amene zaka zonsezi sankatha kupereka moni wautali, tsopano akugwira anthu malaya kuti amuuze za mabanja awo. Apa ndi pamene mbiri ya misala inayambira.

A Dickson, mlongo wake wa Violet, anabwera ndi njinga yawo kudzakalipa. Anati mkamwini wanji wokhala pakhonde kuwerenga mabuku a atsikana bwato likudyedwa ndi ena, ana akudya kwa eni. Anthu ake omwewo amene chidwalire mlongo wawo sanabweretse ngakhale kapu ya shuga. Ndinawayankha ine, ndipo sindibwereza pano zimene ndinanena chifukwa ndangoswali kumene. Anakwera njinga osatsanzika.

Koma chilungamo chake, phala lija silinkamuchiritsa Violet. Linkangomusunga. Mankhwala a m'botolo anasiya kugwira bwino. Ndikamutembenuza ankaluma chitenje kuti ana asamve. Thupi linatha, kunatsala maso okha, ndi fungo limene tinkalimbana nalo ndi sopo ndi utsi wa masamba. Nthawi ya buku ikakwana ankadzikakamiza kutsegula pakamwa, kumeza, nkudikira kuti zisabwerere. Ine ndinkapita kuseri kwa bafa kukalira, ndikukwiyira Mulungu, a Lameki, ndi mayi wolemba buku uja amene sindimudziwa n'komwe. Ndinkafuna mnzanga akhale moyo, ndipo ndinkafuna zithe. Zonse ziwiri pakamodzi.

Tsiku lina kunali mitambo, mpunga utayamba kufiira ku sikimu. Pakhonde tinali atatu okha. A Lameki anatsegula pa tsamba lawo lija nkuyamba kunena kuti pamene tsiku la ukwati linayandikira, mtsinje unasefukira nkukokolola mlatho.

"Bambo a Emily."

Anaima.

"Buku ilo ndaliwerenga kambirimbiri. Mulibe mlatho. Mulibe zimbowera, mulibe atsibweni."

Chala cha a Lameki chinali pomwepo pa mzere.

"Ndinadziwa tsiku lomwe basi inafa lija," anatero Violet. Ankayankhula pang'onopang'ono, kupuma pakati. "Ndinati ndione kumene muwafikitse. Mwawazunza ana a eni ake, inu. Phalali ndakhala ndikumeza chifukwa cha inu, osati iwo. Koma ndatopa, bambo. Zikundiwawa kwambiri. Akwatitseni."

"Mawa," anatero a Lameki.

"Lero."

"Ankhoswe sanafike, mayi."

"Ankhoswe ndi che Mwajuma awa. Akhala pano kalekale."

Anandiyang'ana ine, bambo wamkulu ngati uja, maso akundipempha kuti ndipeze chifukwa china, chimodzi chokha. Ndinali nazo. Ndikanatha kunena kuti mkwatibwi wadwala, kapena diresi lapsa ndi simbi. Koma dzanja la Violet linali m'dzanja langa, ndipo ndinkamva mmene linkafinyira ululu ukabwera. Ndinati, "Werengani, achimwene."

Ananyowetsa chala ndi malovu nkutembenuza tsamba. Linali litamatirira ku linzake, anachita kulilekanitsa ndi chikhadabo. Anabwerera ku Chizungu chawo chopunthwa chija, liwu ndi liwu. Mnyamata anafika pa hotela popanda chomuletsa, anapepesa pamaso pa antchito onse, mtsikana anamuyankha mawu owawa kaye kenako nkuvomera. Pena a Lameki ankakakamira pa liwu lalitali, Violet nkuwauza katchulidwe kake maso ali chitsekere. Sanawonjezere kanthu. Ukwatiwo unali waung'ono, wa m'munda wa maluwa, anthu ochepa. Ine wa kumzikiti ndinalulutira pansipansi, chifukwa ukwati sungadutse chete.

Atafika pa mzere womaliza anakhalabe akuyang'ana pepala loyera la kumapeto, ngati mwina pali zina zolembedwa m'timalemba ting'onoting'ono.

"Zikomo," anatero Violet. "Mwawerenga bwino."

Mbale ya phala inali pambali pawo, itazizira. Mwa chizolowezi anatenga supuni, natapa, nkuifikitsa pafupi ndi milomo yake. Violet sanatembenukire kukhoma ngati kale. Anangowayang'ana, pakamwa pali potseka. Supuni inakhala m'malere nthawi yaitali, phala likudonthera pa mphasa. Palibe anawagwira dzanja. Anaibweza okha m'mbale, naimirira, nkuitana Clement amene ankasewera kuseri kuti adzadye phala la amayi ake.

Violet anatisiya mpunga usanakololedwe.