Kaphokoso ka M'njinga ya Atate

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene atate anasiya ntchito yapachigayo ku Chawama n'kugula njinga yamoto yogwirapo kale ntchito, kuti azinyamulira katundu anthu akumsika. M'mawa ankayamba anditula kusukulu.

Tsiku loyamba kukwera ndinamva kaphokoso pansi pa mpando, kakuti tye-tye-tye, ngati supuni ikugunda m'kapu yachitsulo. Atate akawonjezera moto, nako kankafulumira.

"Batate, njinga ilila," ndinawauza. Sanayankhe. Titaima ndinabwerezanso.

"Njinga nagula manje manje, ingalile bwanji?" anatero, n'kupitiriza ulendo.

Mtima wanga sunakhale pansi. M'kalasi ndinkangoyang'ana pawindo, n'kumaganiza injini itaphulika atate ali pakati pa maminibasi. Kaphokoso kaja kanakulirakulira. Amayi anakamva, ogulitsa makala pakona nawo anayamba kutiloza tikamadutsa. Atate okha ankakana, mokweza mawu monga ankalankhulira nthawi zonse. Ine ndinkati ndi liuma. Ndinasiya kukwera, ndinkayenda pansi m'matope, ndipo kunyumba sitinkayankhulana bwino.

Loweruka lina amayi anawakakamiza atate kupita kwa makanika, ba Daka, amene ankakonzera njinga pansi pa malata kuseri kwa msika. Anati nanenso ndipite.

"Ilila bwanji, bakulu?" ba Daka anafunsa.

Atate anangowayang'ana pakamwa. Ndinayankha ndine, kutsanzira kaphokosoko ndi lilime. Ba Daka analiza injini, n'kutenga sikuludiraiva yaitali. Nsonga anaigunditsa painjini, chogwirira anachiika kukhutu. Anasuntha apa ndi apo, utsi ukutiyabwa m'maso.

"Mwana akamba zoona. Tcheni ya mukati yamasuka. Ikaduka, injini yonse yapita."

"Ine sinimvela kanthu," atate anatero.

Ba Daka anawauza kuti awerame, n'kuwakanikiza chogwirira chija pafupa la kuseri kwa khutu. Ndinaona nkhope ya atate ikusintha. Anakhala chiweramire, osafuna kusiya. Atadzuka anafunsa motsitsa mawu, "Ivi vinali kulila masiku yonse aya?"

Ndinavomera ndi mutu.

Tcheni anaisintha tsiku lomwelo. Pobwerera, tisanakwere, atate anandigwira paphewa, n'kuloza makutu awo. "Chigayo chinanidya matu, mwana wanga. Ukamvela chinthu kumbuyo uko, uzinimenya pamusana."

Ndinawamenya pamsana kambirimbiri zaka zotsatira: galimoto ikaimba hutala, munthu akawaitana, tayala likayamba kulira.

Panopa ndine mayi, ndipo ndimamvetsa kuti atate ankadziwa kale kuti makutu awo akupita. Ankaopa kuti akavomera, palibe angapatse katundu wake munthu wosamva. Munthu akandikanira chinthu chimene aliyense akuchimva, sindithamangira kukwiya. Ndimayamba ndadzifunsa kuti kodi iyeyu akuopa kutaya chiyani.