Chofunda cha zigamba 240

Chifuwa chachikulu chinandilanda zinthu ziwiri: sukulu ndi makilo khumi ndi anayi. Ndinali Fomu 3, ndili ndi zaka 19, ndikukhala ndi amayi ku Bangwe, chaka chotsatira chija tinavotera zipani zambiri koyamba. Ndikulemba izi chifukwa ndatopa kuyankha munthu mmodzimmodzi wondifunsa ngati ndinachiradi. Ndinachira. Werengani mudziwe momwe zinayendera.

Chinayamba mvula ikutha, ngati chifuwa wamba. Ndinkatsokomola m'kalasi mpaka aphunzitsi kundiuza kuti ndikamalizire panja. Patapita milungu itatu ndinayamba kumva kuzizira madzulo aliwonse, ndipo m'mawa ndinkadzuka malaya atanyoweratu ndi thukuta. Chakudya chinasiya kukoma. Lamba wa thalauza la yunifolomu ndinamuboola kawiri ndi msomali. Chikweza chochokera kumsika kufika kwathu, chomwe kale ndinkachithamanga, ndinayamba kuchipumira katatu.

Apa ndinapusa, ndipo sindibisa. M'malo mopita kuchipatala ndinkagula makapisozi paokala, awiri lero, awiri mkuja. Amayi ankandiwiritsira mandimu ndi masamba a bulugamu. Anthu a mumdadada wathu anali atagamula kale: ena ankati ndi tsempho, ena ankanong'onezana za matenda aja omwe masiku amenewo sankatchulidwa dzina. Ndinkaopa kuti mwina akunena zoona, choncho ndinkazemba chipatala. Ndinataya miyezi inayi motero. Kusukulu ndinangosiya kupita, ndipo palibe anabwera kudzafunsa.

Tsiku lina m'nyengo yozizira ndinalavula magazi ndikutsuka mkamwa kuseri kwa nyumba. Amayi anaona. Sanandifunse maganizo anga. Anaphimba tomato wawo pabenchi lomwe ankagulitsira, tinakwera minibasi.

Kuchipatala tinakhala pamzere kuyambira mamawa mpaka dzuwa litapendeka. Adokotala anandimvetsera pachifuwa ndi kumsana, nandipatsa timabotolo titatu toti ndilavuliremo makhololo: kamodzi pomwepo, kena m'mawa mwake, kena pobwerera. Zotsatira tinazidikira masiku anayi. Atandiitana anangoti: "Muli ndi TB, achimwene. Imachizika. Koma mankhwala ake ndi a miyezi isanu ndi itatu, osati isanu ndi iwiri." Anandikweza pasikelo. Ndinali makilo 44. Chaka chapitacho ndinali 58.

Miyezi iwiri yoyamba inali yogonera m'wodi. Tsiku lililonse linkayamba chimodzimodzi: jakisoni pathako, kenako mapilitsi odzaza dzanja omwe tinkameza anesi akuyang'ana, phala likubwera pambuyo. Mkodzo unasanduka wofiira, anatichenjeza kuti tisadabwe. M'makutu munkalira. Lolemba lililonse tinkafola pasikelo. Amayi ankabwera masana ndi kachakudya m'mbale yomanga pansalu, n'kubwerera kubenchi. Anzanga a m'kalasi anabwera kamodzi, anaima pawindo, anandiuza zomwe aphunzira, ndipo sanabwerenso. Nthawi yotsalayo inali yoyang'ana denga ndi kumvetsera anthu akutsokomola.

Tsiku la khumi ndi chiwiri ndinalongedza zovala zanga m'jumbo. Thako linali litatupa, kukhala pansi kunali kovuta, ndipo ndinkaona ngati kutsokomola kwachepa. Ndinali kudikira nthawi ya alendo kuti ndituluke nawo limodzi.

Pabedi loyandikana ndi langa pankagona a Namakhwa, telala wa pakhonde la sitolo ina ku Limbe, bambo wa zaka pafupifupi 60. Anali m'wodimo kachiwiri. Ulendo woyamba anasiya mankhwala pa mwezi wachinayi, chifukwa anali atayamba kupeza bwino ndipo inali nthawi ya kampeni, amayi a zipani zonse akufola pakhonde kuti awasokere madiresi. Chifuwacho chinabwerera chitakula. Tsiku lonse iwo ankakhala tsonga akusoka ndi manja timapisi ta nsalu tomwe akazi awo ankawabweretsera. Ataona jumbo langa anati: "Mphwanga, ukuthawa? Inenso ndinathawa. Taona pomwe ndagona. Usanapite undilowetsere ulusi m'singanomu, maso akukana."

Ndinawayankha kuti kusoka tinsanza ndi ntchito ya azimayi ndi nkhalamba. Iwo anavomera kuti ndi nkhalambadi, koma ulusiwo ndilowetsebe. Ndinalowetsa. Kenako anandigwiritsa kachidutswa kuti kasakwinyike. Kenako anati popeza ndakagwira kale, ndibaye kawiri aone ngati ana a sekondale ali ndi manja. Alendo anatuluka ine ndikulimbana ndi msoko wokhota.

Madzulo amenewo anandiikira lamulo, ndipo ndi lamulo lokhalo lomwe ndinalisungapo m'moyo mwanga popanda kukwapulidwa. Tsiku lomwe ndalandira mankhwala, ndisoke chigamba chimodzi. Tsiku lomwe sindinalandire, ndisagwire singano. Miyezi isanu ndi itatu ndi masiku 240, ndipo zigamba 240 zazikulu ngati chikhatho, khumi ndi zisanu pamzere uliwonse, mizere khumi ndi isanu ndi umodzi, zimakwana chofunda cha munthu wamkulu. Anandidulira muyeso pakatoni ya mankhwala. Zigamba khumi ndi ziwiri za masiku odutsawo anandilola kusoka pakamodzi.

Nsalu ankazidziwa ngati momwe ena amadziwira osewera mpira. Akagwira kapisi ankanena kuti aka ndi ka ku Zambia, aka kadutsa ku Tanzania, aka ndi ka fakitale ya konkuno. Anandiphunzitsa kuviika kapisi m'madzi kaye kuti ndione ngati kakusuluka, ndiponso kuti chowala chizikhala pafupi ndi chakuda kuti zonse zioneke. Nsalu za zipani ankaziyamikira kulimba kokha. Ankati ojambula ake ndi aulesi, amangoika nkhope ndi dzina basi. Zomwe ankazikonda ndi zija zokhala ndi maambulera, makiyi, nsomba zoyang'anana, masamba ofiira pamwamba pa zobiriwira. Ankati kwinakwake kuli munthu amene anakhala pansi ndi pensulo n'kuganiza kuti makiyi angakongole pathupi la mayi, ndipo analondola, koma dzina lake palibe alidziwa. Zimenezo zinandikhudza. Kusukulu chinthu chokha chomwe ndinkaposa anzanga chinali kujambula mapu. Ndinauza amayi kuti andibweretsere kope langa la Jogalafe, ndipo masamba otsala ndinayamba kujambulamo maluwa anga a nsalu.

Anesi aakulu a m'wodimo anali asisita Nyirenda, mayi wa kumpoto wosakonda zocheza pantchito. Poyamba anadandaula za tiulusi tomwe tinkagwa pansi. Atamva za lamulo lija, anayamba kuwerenga zigamba zanga Lolemba lililonse n'kuyerekeza ndi zochonga za pakhadi langa. Sizinasiyanepo.

A Namakhwa anamwalira m'mawa wa tsiku langa la 41, titangomaliza kulandira jakisoni. Anali atafooka kwa mlungu wathunthu. Akazi awo, potenga katundu, anandisiyira jumbo la mapisi, singano zitatu ndi sizasi. Tsiku limenelo mankhwala ndinali nditalandira, choncho chigamba chinayenera kusokedwa. Ndinasankha cha makiyi. Chinakhala chopendekera. Sindinachiphwasule.

Nditakwanitsa majakisoni 60 anandiyezanso makhololo, anandipeza ndili makilo 48, nanditulutsa. Miyezi isanu ndi umodzi yotsalayo inali ya mapilitsi a kunyumba, okatenga mwezi ndi mwezi. Ndinapita kusukulu kukafunsa za malo anga. Anandiuza kuti dzina langa linafufutidwa kale ndipo malowo analowapo wina. Sindinagwade. Ndinabwerera kunyumba n'kukhala pakhonde ndi singano. Anyamata a mumdadada ankadutsa n'kumanditchula kuti agogo. Ndinkawayang'ana mpaka adutse. Mapisi atatha, amayi anayamba kuzungulira kwa matelala a mumsika kupempha zotsala, ndipo ena ankawasungira dala zokongola.

Chiyeso chenicheni chinabwera pa mwezi wachisanu. Ndinali nditasiya kutsokomola, ndikudya bwino, ndikukwera chikweza chija osapuma. Mapilitsi anali kutha, ndipo kuganiza zokakhalanso pamzere tsiku lonse kunkanditopetsa. Ndinadziuza kuti ndachira. Ndinayala chofundacho pamphasa kuti ndingochipinda m'mphepete chithere pomwepo. Panali zigamba 150, mizere khumi. Ndinagona pansi n'kudzifunditsa kuti ndiyese. Chinathera m'mawondo. Amayi analowa, anayang'ana miyendo yanga ili pamtunda, anaseka, n'kundifunsa ngati ndasokera mwana wa khanda. Ndinakumbukira kuti a Namakhwa anasiyira pa mwezi wachinayi. M'mawa mwake ndinali pamzere kuchipatala.

Chigamba cha 240 ndinasoka mvula ya chaka chotsatira ikutha, nyengo yomweyo yomwe chifuwa chinayambira. Makhololo omaliza anawapeza opanda kanthu, ndipo pakhadi langa analembapo kuti ndachira. Pakati pa chofundacho ndinaikapo bulangeti lakale, kunsi shiti, n'kusokerera zonse pamodzi. Ndinachichapa, ndinachiyanika padzuwa masiku awiri, ndinapita nacho kukaonetsa asisita Nyirenda. Anachitambasula pabenchi, kenako anandiuza kuti amayi a kutchalitchi kwawo ku Kanjedza ali ndi chionetsero cha ntchito zamanja Loweruka lina, ndipite nacho.

Ndinali ndisanaonepo zotere. Muholomo munali zofunda zopachika kuyambira kudenga mpaka pansi, zina za nyenyezi, zina za tizidutswa ta ngodya zitatu tokumana mwaluso moti ndinaima n'kumawerenga misoko ndi chala. Ndinadziwa pomwepo kuti zambiri sindikuzidziwa, ndipo sizinandikwiyitse, zomwe kwa ine si zachizolowezi. Amayi apampando anadabwa kuona mnyamata, koma anandilemba dzina. Vuto linayamba atandifunsa komwe ndinaphunzirira. Ndinanena zoona, kuti m'wodi ya TB. Anachotsa dzanja lawo pansalupo. Anati zingwe zopachikapo zadzaza, ndichiike patebulo la pafupi ndi khomo. Azimayi ankabwera kudzayang'ana manja ali kumbuyo, ena akukoka ana awo.

Kale ndikanapinda n'kumapita. Koma ndinatulutsa khadi langa la chipatala, lokhala ndi zochonga zonse, n'kulibaya ndi phini pangodya ya chofundacho. Ndinaima pambali pake.

Asisita Nyirenda anafika mochedwerapo, atavala chitenje ngati mayi wina aliyense. Anayang'ana tebulo, anayang'ana ine. Anachinyamula chofundacho, anadzifunditsa m'mapewa, nayenda nacho mpaka kutsogolo kwa holo. Anati: "Amayi, TB siikhala m'nsalu. Imayenda mumpweya wa munthu amene sanayambe mankhwala. Mwana uyu anamaliza tsiku ndi tsiku, m'wodi ndinkawerenga ndine. Mupeze chingwe."

Chingwe chinapezeka. Chitapachikidwa anthu anayamba kuyandikira. Mayi wina anapezamo nsalu ya diresi lomwe anavala paukwati wa mchemwali wake. Ena anaseka ataona nsalu za zipani zitatu zitasokedwa moyandikana, theka la nkhope ya uyu pafupi ndi khutu la uja, nati anthuwo sanakhalepo pamodzi mwamtendere chotero. Woweruza anayamikira kasanjidwe ka mitundu, koma analoza chigamba cha makiyi nati ndikachikonze chifukwa chikuwononga mzere. Ndinamuuza kuti chimenecho chikhala momwemo. Ndinakhala wachitatu, ndipo anandipatsa timipukutu ta ulusi. Bambo wina anafuna kuchigula. Ndinakana. Ndimafunda ndine, ndipo chimafika mpaka kumapazi.

Papita zaka ziwiri tsopano. Sinditsokomola. Akazi a malemu a Namakhwa anandilola kugwiritsa ntchito makina a amuna awo pakhonde lomwe lija ku Limbe. Mkati mwa mlungu ndimasoka mayunifolomu ndi kupinda mathalauza, Loweruka ndimasoka zofunda. Ndasoka zisanu ndi chimodzi, ndipo chionetsero chilichonse chomwe ndamva ndimapitako, ngakhale kukangoona. Makope ojambulamo maluwa afika atatu. Sindikudziwa ngati tsiku lina mayi wina adzavala maluwa anga, koma ndikujambulabe. Anzanga aja analemba Fomu 4. Zimandiwawa, sindinama, ndipo amene amandiuza kuti zonse zinali chifuniro cha Mulungu ndimamusiya alankhule yekha. Sukulu sinathe chifukwa cha chifuniro cha wina aliyense. Inatha chifukwa ndinakhala miyezi inayi ndikumwa makapisozi a paokala.

Ngati mwatsokomola milungu itatu, mukutuluka thukuta pogona, lamba wayamba kukula, pitani kuchipatala mawa lomwe. Musadikire magazi, ndipo musamvere a mumdadada, sadzagona m'wodi m'malo mwanu. Mukayamba mankhwala mumalize, ngakhale thupi likuuzeni kuti mwachira. Limanama. Pezani chinthu chowerengera masiku chomwe simungachinamize.

Mwezi watha ndinakwera pasikelo ya kuchipatala. Ndili makilo 55. Pa khumi ndi anayi aja, chifuwa chandibwezera khumi ndi imodzi. Atsala atatu, ndipo ndikuwafuna.