Tsiku limene dzuwa linaotcha agogo anga

Wina aganiza kuti ndikupeka, koma izi ndinaziona ndi maso angawa konkuno ku Nkhata Bay, zaka zija mafoni am'manja atangoyamba kufika.

Ine makolo anga sindiwadziwa, ndinaleredwa ndi agogo, ndipo m'nyumba yathu ya pamtunda moyang'ana doko tinkakhala awiriwiri. Agogo anatuluka chilonda patsaya chimene sichinkapola, ndipo amalume a ku Joni atawatengera kumeneko kunapezeka kuti ndi khansa. Anabwera nawo mothamanga chifukwa cha ntchito, n'kundikhazika pansi kundifotokozera kuti mankhwala amene agogo anabayidwa anali okutidwa m'timadontho ta mafuta tosaoneka ndi maso, toti tiwanyamule m'magazi mpaka pachotupa, kenako madokotala n'kuwalitsapo nyali yapadera kuti mankhwalawo adzuke ndi kupha nthendayo. Koma anati mankhwala otsala akadali m'thupi monse ndipo dzuwa nalo limawadzutsa, choncho agogo asatuluke masana mpaka patapita milungu. Atatero anakwera basi, ine n'kutsala ndekha ndi mawu amenewo.

Ndinatchinga mawindo ndi mabulangete. Koma inu mukudziwa kwathu kuno, wodwala timamutulutsa m'mawa kuti aothere dzuwa, nanga munthu wotsekera nkhalamba mumdima amaoneka bwanji? Kumsika anayamba kunong'onezana kuti amalume akukhwimira chuma cha ku Joni, agogo awasandutsa ndondocha, ine ndiye mlonda wake. Ogulitsa usipa ankadula nkhani ndikafika. Ndikayesa kufotokoza za timafuta tija, ankaseka n'kundifunsa ngati agogo asanduka mandasi.

Tsiku lina ndinatsikira kumsika kukagula ufa wa kondowole, ndipo pobwerera ndinamva nyimbo pakhomo pathu. Amayi a kumpingo anali atabwera kudzazonda matenda, anakanganula mabulangete onse n'kuwagoneka agogo pamphasa pabwalo, dzuwa lili paliwombo. Agogo, pochita manyazi kukaniza alendo, ankangoti zikomo. Nkhope yawo inali itatupa mpaka maso kutsekeka, manja ali psuu ngati awathira madzi owira, ndipo chapansipansi ankanditchula dzina n'kumati akupsa. Ine amene sindinayankhepo munthu wamkulu ndinakuwa, ndinawafunditsa agogo chitenje changa kumutu, n'kuwakokera m'nyumba ndi mphasa yomwe. Mayi mmodzi anauza anzake kuti aone okha mmene zaufiti zathu zikukanira pemphero. Palibe anagwirako mphasa ija.

Kuchipatala agogo anawagoneka pakona yotchinga, matuza akuphulika tsiku ndi tsiku, ine ndili pansi pambali pa bedi kumvetsera kupuma kwawo, n'kumadzifunsa kuti akapita awa ndidzatsala wa yani? Mabedi ena ankadzaza abale ndi madengu a zakudya, pathu pokha zii.

Anachira, ndipo chilonda cha patsaya chinapola, koma zipsera za tsikulo anapita nazo kumanda patapita zaka zambiri. Amayi aja sanapondenso pakhomo pathu.

Lero ndimakhulupirira kuti sanali anthu oipa, anachita zimene timachitira wodwala aliyense amene timamukonda, ndipo n'zimene zimandiopsa kwambiri. Abale anga, mukapeza wodwala ali mumdima, musathamangire mphasa. Yambani mwafunsa amene akumusamalira, ngakhale akhale mwana wamasiye wosalankhulalankhula, ndipo akayankha, mumvereni.